Kulera ndi Kuphunzitsa Kagalu ka Mtundu Waung'ono pa Mafamu a ku Mashonaland

Ntchito ya ulangizi pa mafamu a ku Mashonaland yakhala ikuona za fodya, chimanga, ng'ombe, mbuzi ndi nkhuku. Galu satchulidwa kawirikawiri m'mabuku a alangizi, chonsecho palibe chiweto china chimene chimayandikana ndi ana a pakhomo kuposa iye. Kabuku kano kakufotokoza za kaleredwe ka kagalu ka mtundu waung'ono, kuyambira tsiku limene kafika pakhomo mpaka katakwanitsa miyezi 6. Kalembedwera alangizi amene amayendera mabanja olankhula Chichewa m'makomboni ndi m'minda ya ku Mazowe, Bindura, Shamva, Mvurwi, Banket, Trelawney, Karoi, Macheke ndi Marondera.

Mfundo yaikulu ndi yakuti miyezi 4 yoyambirira ndiyo imagamula ngati kagalu kadzakhala ndi moyo, ndiponso ngati kadzakhala kothandiza kapena koopsa pakhomo. Zimene zaphonyeka m'miyezi imeneyi nzovuta kuzikonza pambuyo pake.

Agalu amenewa ndi kumene adachokera

Mabanja ambiri a m'makomboni ndi ana ndi adzukulu a anthu amene adachokera ku Malawi, ku Tete ndi kum'mawa kwa Zambia, ena pa ulendo wapansi, ena kudzera kwa Mthandizi, kudzagwira ntchito m'minda ya fodya. Agalu aang'ono adalowa m'komboni kuchokera ku nyumba za eni mafamu, kumene mitundu ya Jack Russell ndi fox terrier inkakondedwa kwambiri. Galu akaswa ana ambiri, ena ankaperekedwa kwa akapitawo kapena kwa ogwira ntchito m'nyumba. Kuchokera mu 2000, pamene boma lidayamba kugawa mafamu kwa alimi atsopano, agalu ambiri otere adatsala m'manja mwa antchito ndipo adaswana ndi agalu a kumudzi. Masiku ano ena amagulidwanso ku Harare ndi m'matauni ena. Pa mafamu pamene mwini famu ndiye ankaona za katemera wa agalu, udindo umenewo tsopano uli ndi banja lililonse palokha.

Mtundu wa Jack Russell udatenga dzina la mbusa wina wa ku England, John Russell, amene m'zaka za m'ma 1800 ankaweta agalu olowa m'mauna kukatulutsa nyama pa uzimba. Mbiri imeneyi ikufotokoza khalidwe lake lonse. Galuyu amakumba, amathamangitsa chilichonse chimene chikuthawa, amauwa msanga, ndipo sadziwa kuti ndi wamng'ono. Akakula amalemera makilogalamu 5 mpaka 8 okha, ndipo akasamalidwa bwino amapitirira zaka 12. Phindu lake pa famu ndi loonekeratu: amapha makoswe kunkhokwe ndi m'mashedi, amadzutsa anthu usiku kukafika chachilendo kukhola, ndipo amadya pang'ono poyerekeza ndi galu wamkulu.

Koma tiagalu tambiri sitifika pa msinkhu wogwira ntchito imeneyi. Kafukufuku amene James Butler ndi John Bingham adasindikiza mu 2000, wokhudza agalu a m'midzi ya ku Zimbabwe, adapeza kuti agalu pafupifupi 7 mwa 10 aliwonse ankafa asanathe chaka chimodzi. Kagalu ka mtundu waung'ono nkosalimba kuposa ka kumudzi, motero kakasiyidwa kuti kadzionere kokha monga agalu ena, mapeto ake ngodziwikiratu.

Kusankha kagalu

Kagalu kasachotsedwe kwa make kasanakwanitse masabata 8. Pali chizolowezi chotenga kagalu kakangoyamba kuyenda, poopa kuti wina angakatenge, ndipo chizolowezi chimenechi chimapha tiagalu tambiri. Kupatula mkaka, pali zimene kagalu kamaphunzira kwa make ndi kwa abale ake zimene munthu sangakaphunzitse mosavuta. Posewera, kakaluma mnzake mopweteka, mnzakeyo amalira ndi kuleka masewera, ndipo potero kamadziwa muyeso wa mano ake.

Kagalu kathanzi kamakhala ndi maso owala opanda manthongo, mphuno yosatuluka mamina, ubweya wosalala, ndi kumatako kouma. Nkhama zake zikhale zofiirira. Nkhama zoyera ndi chizindikiro cha kuchepa kwa magazi, ndipo mimba yotupa ngati ng'oma pamene nthiti zikuwerengeka ndi chizindikiro cha nyongolotsi. Mlimi aone make wa kagaluko ndi maso ake, ndipo afunse ngati adalandira katemera wa chiwewe. Kagalu kotola pamsewu kapena m'tchire, kosadziwika kwake, kasabweretsedwe kwa ana ngakhale kakongole motani. Chifukwa chake chafotokozedwa m'chigawo cha chiwewe.

Malo ogona

Thupi laling'ono limataya kutentha msanga. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, makamaka m'madera okwera monga Marondera ndi Macheke kumene kumagwa chisanu choopsa, kagalu ka masabata 8 kogona pabwalo kangathe kufa usiku umodzi. Katoni kapena dengu lakale loyalamo chiguduli chouma, loikidwa m'khitchini kapena pakhonde potchingika, ndi lokwanira. Lisayandikire moto. Masana kagalu kasasiyidwe kokha pamtetete, pakuti chiwombankhanga chimene chimanyamula nkhuku chinganyamulenso kagalu ka kilogalamu imodzi.

Nyengo ya mvula imabwera ndi vuto la mphutsi za pakhungu. Ntchentche imene anthu a ku Zimbabwe amaitcha putsi imaikira mazira pa dothi la pamthunzi lonyowa ndi mkodzo, kapena pa nsalu yachinyezi. Timphutsi take timaboola khungu ndi kukulira momwemo, ndipo pamimba ndi m'miyendo ya kagalu pamatuluka zotupa zokhala ndi kabowo pakati. Kupaka Vaseline pa kabowoko kumatsekereza mpweya, mphutsi nkuyamba kutuluka yokha, ndipo imafinyidwa mosamala kuti isaphulikire m'kati. Chiguduli chizichapidwa ndi kuyanikidwa padzuwa mpaka chiume gwa. Amayi amene amasita matewera a mwana pa chifukwa chomwechi savutika kumvetsa langizo limeneli.

Chakudya

Pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, kagalu kamene kakukula kamafuna chakudya chopatsa mphamvu pafupifupi kawiri kuposa galu wamkulu, pamene mimba yake ndi yaing'ono ngati chibakera cha mwana. Kotero kayenera kudya pang'onopang'ono koma kawirikawiri: kanayi pa tsiku mpaka miyezi 3, katatu mpaka miyezi 6, kenaka kawiri. Kagalu ka mtundu waung'ono kakakhala nthawi yaitali kosadya, shuga wa m'magazi amatsika. Kamafooka, kamanjenjemera, kamadzandira, ndipo mwina kamakomoka. Zikatero kapakidwe uchi kapena madzi a shuga pa nkhama, kafunditsidwe, ndipo kakatsitsimuka kapatsidwe chakudya. Izi zimachitikachitika m'nyengo yothyola ndi kusankha fodya, pamene banja lonse limachoka mbandakucha ndi kubwera madzulo. Mlangizi afunse mosabisa kuti masana kagalu kadzadyetsedwa ndi yani. Ngati palibe yankho, ndi bwino banjalo lidikire nyengo ina.

Nsima yokha, kapena mkute ndi gaga, si chakudya cholerera kagalu. Chimanga chili ndi zomanga thupi zochepa, pafupifupi magawo 9 pa 100, pamene kagalu kamafuna zoposa magawo 22 pa 100 a chakudya chouma. Ndiponso vitamini wotchedwa niacin amene ali m'chimanga thupi silitha kumugwiritsa ntchito bwino. Agalu odya chimanga chokhachokha amadwala nthenda yotupitsa ndi kudetsa lilime, yofanana ndi pellagra ya anthu, ndipo kudali pa agalu otere pamene Conrad Elvehjem adaonetsa mu 1937 kuti niacin ndiye mankhwala ake.

Banja limene silingagule chakudya cha agalu cha m'sitolo lingathe kukonza chake. Mwa chiyerekezo, magawo awiri a phala lolimba la mgaiwa asakanizidwe ndi gawo limodzi la zomanga thupi, monga kapenta wa ku Kariba, amene kuno ambiri amamutcha matemba, dzira lophika, soya wokazinga ndi kugaya, kapena zam'kati mwa nyama zophika bwino. Kapenta ali ndi ubwino wapadera chifukwa amadyedwa ndi minga yomwe, ndipo mingayo imalimbitsa mafupa. Aviikidwe kaye m'madzi kuti mchere uchoke, kenaka asinjidwe. Dzungu lophika kapena masamba pang'ono, ndi timadontho ta mafuta ophikira, zimakwaniritsa mbaleyo. Mkaka wa ng'ombe wosawasa umatsegula m'mimba tiagalu tambiri. Wowasa ndiye umalandiridwa bwino, koma pang'ono.

Zina ziyenera kupewedwa kotheratu. Chimanga chofumbwa ndi chuku, chimene anthu akana kudya, kawirikawiri chimaponyedwa kwa agalu ndi nkhuku, pamene poizoni wa chuku amaononga chiwindi cha galu mwamsanga. Anyezi wambiri amaononga magazi. Mafupa a nkhuku ophika amasweka mosongoka ndi kubaya matumbo. Mitu, mapapo ndi ziwindi zaziwisi za mbuzi kapena nkhosa, makamaka zokhala ndi timatumba ta madzi, zimapatsa galu nyongolotsi zimene mazira ake amabwereranso kwa ziweto kudzera m'msipu, ndipo zina zimagwira ndi anthu omwe. Madzi abwino akhalepo nthawi zonse m'mbale yosaya, yoti kagalu sikangamiremo.

Nyongolotsi, utitiri ndi nkhupakupa

Pafupifupi kagalu kalikonse kamabadwa ndi nyongolotsi. Zina zimakalowa kadakali m'mimba mwa make, zina kudzera mumkaka. Zoyamwa magazi m'matumbo zingathe kupha kagalu ka masabata ochepa, ndipo timphutsi take timene timakhala mumchenga wonyowa timalowanso pakhungu la ana osewera opanda nsapato ndi kusiya mizere yoyabwa. Mankhwala a nyongolotsi, monga pyrantel kapena fenbendazole, aperekedwe pa masabata 2, 4, 6 ndi 8, kenaka mwezi uliwonse mpaka miyezi 6, ndipo pambuyo pake miyezi 3 iliyonse. Chimbudzi cha galu chizichotsedwa pabwalo tsiku ndi tsiku ndi kutayidwa m'dzenje.

Pa mankhwala alionse, kulemera ndiko kumalamula muyeso. Apa ndi pamene tiagalu tating'ono timafera m'manja mwa anthu ofuna kutithandiza. Mbulu umene wakonzedwera galu wa makilogalamu 10 ukaperekedwa wonse kwa kagalu ka kilogalamu imodzi, muyeso wapitirira kakhumi. Kagalu kaikidwe m'kathumba ndi kupimidwa pa sikelo yopachika tsiku lomwelo, osati kuyerekeza ndi maso.

Nkhupakupa zimapatsa agalu nthenda ziwiri zazikulu. Yoyamba, imene pa mafamu imadziwika kuti biliary, imaononga magazi: galu amatentha thupi, amakana chakudya, nkhama zimayera kapena kuchita chikasu, ndipo mkodzo umafiira. Imapha m'masiku ochepa, koma imachizika ndi jakisoni galu akafika msanga kwa dokotala wa ziweto. Yachiwiri, ehrlichiosis, imayenda pang'onopang'ono. Galu amaonda ndipo mwina amatuluka magazi m'mphuno. Kagalu kazifufuzidwa madzulo aliwonse m'makutu, m'khosi ndi pakati pa zala, ndipo nkhupakupa izulidwe yonse ndi mutu womwe.

Alimi ambiri, pokhala ndi dibi wa ng'ombe pafupi, amasambitsiramo ndi agalu. Kwa kagalu ka mtundu waung'ono uku nkuika moyo pachiswe. Dibi wa amitraz, amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri pa ng'ombe m'Zimbabwe, amafooketsa tiagalu, kutsitsa kagundidwe ka mtima, ndipo angathe kupha. Kagalu kosakwana miyezi 4 kasaviikidwe m'dibi wa mtundu uliwonse. Mankhwala akhale okonzedwera tiagalu, ndipo pa botolo pakhale polembedwa msinkhu ndi kulemera koyenera. Oilo wakale wa thirakitala ndi palafini, zimene ena amapaka pa mphere, zimatentha khungu ndipo kagalu kamazinyambita.

Katemera

Nthenda ya parvo idayamba kudziwika padziko mu 1978 ndipo mpaka lero ndi imodzi mwa nthenda zopha tiagalu kwambiri. Kagalu kamasanza, kamatsegula m'mimba mwa magazi monunkha, ndipo kamauma thupi m'masiku awiri kapena atatu. Kachirombo kake kamakhalitsa m'dothi kwa miyezi yambiri, motero pakhomo pamene pafera kagalu ndi nthendayi pasabwere kena kosatemera. Nthenda ya distemper imayamba ndi manthongo ndi chifuwa, kenaka imagwira ubongo. Zonse ziwirizi zimatetezedwa ndi katemera mmodzi wophatikiza, amene amayamba pa masabata 6 mpaka 8 ndi kubwerezedwa patatha masabata 3 kapena 4 aliwonse mpaka kagalu katakwanitsa masabata 16. Kubwerezaku kuli ndi chifukwa: chitetezo chimene kagalu kadayamwa kwa make chimatsekereza katemera, ndipo palibe angadziwe sabata imene chitheretu. Jakisoni mmodzi yekha ndi ndalama zotayika theka. Mabanja a komboni imodzi akasonkhana ndi kuitana wotemera tsiku limodzi, mtengo wa ulendo umagawanika.

Chiwewe

Chigawo chino ndicho chifukwa chachikulu chimene mlangizi wa zaulimi ayenera kulowerera pa nkhani ya agalu. Chiwewe chidalowanso m'Zimbabwe mu 1950 kudzera mwa agalu, ndipo chilipobe. John Bingham ndi anzake, pofufuza zolembedwa za kuyambira 1950 mpaka 1996, adasindikiza mu 1999 kuti mwa nyama zonse zimene zidapezeka ndi nthendayi, pafupifupi theka zidali agalu, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi zidali nkhandwe. Adaonetsanso kuti chiwewe cha nkhandwe chinkabuka makamaka m'madera a mafamu akuluakulu, kuphatikizapo a ku Mashonaland. Galu wa pa famu ali pakati: usiku amakumana ndi nkhandwe kuseri kwa khola, m'mawa akunyambita nkhope ya mwana. Ndipo galu wa mtundu wa Jack Russell sathawa nkhandwe, amaithamangira.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka, ambiri mu Africa ndi Asia, ndipo 4 mwa 10 aliwonse ndi ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka, munthu kapena nyama sachira. Malamulo a Zimbabwe amafuna kuti galu aliyense atemeredwe akakwana miyezi 3, ndi kubwereza pa nthawi imene a Department of Veterinary Services anena. Chiphaso cha katemera chisungidwe pamodzi ndi makhadi a ng'ombe. Pa nthawi ya katemera wa onse, monga pozungulira 28 Sepitembala, tsiku lokumbukira chiwewe padziko lonse, tiagalu tisasiyidwe kunyumba poganiza kuti ntating'ono kwambiri. Wotemera ndiye agamule. Nthendayi imaleka kufala pakati pa agalu pokhapokha 7 mwa 10 aliwonse m'deralo atatemeredwa.

Anthu ambiri amadziwa chiwewe cha galu wolusa, wotuluka dovu. Koma pali mtundu wina wachete, umene galu amangofooka, nsagwada nkulendewera, malovu nkumachucha, ngati kuti fupa lamuima pakhosi. Munthu angatengere nthendayi popisa dzanja m'kamwa mwa galu kufuna fupa limene kulibe. Mwa kagalu, chiwewe chingathe kuoneka ngati masewera chabe, kulumaluma kopitirira muyeso kapena kufatsa kwachilendo. Nkhandwe yolowa pakhomo masana yosaopa anthu iyenera kuganiziridwa kuti ili ndi chiwewe.

Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, bala litsukidwe nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo kukayamba katemera, ngakhale bala likhale laling'ono. Galu amene waluma amangidwe pamalo otetezeka kwa masiku 10, ndipo a zaziweto auzidwe. Ngati waphedwa, mutu usaphwanyidwe kapena kugwidwa ndi manja, pakuti ubongo ndi umene umapimidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Harare. Kagalu kakalumidwa ndi nkhandwe kapena galu wachilendo, katsekeredwe kutali ndi ana, ndipo chochita chichokere kwa dokotala wa ziweto.

M'madera ena muli mwambo wodula kamtsempha ka kunsi kwa lilime la galu, ati ndi nyongolotsi yoyambitsa misala kapena yoletsa galu kunenepa. Kamtsemphako nkachibadwa mwa galu aliyense. Kukadula sikuteteza nthenda iliyonse, ndipo wodulayo amaika zala zake m'malovu a galu.

Kuphunzitsa

Kafukufuku wa John Paul Scott ndi John Fuller, wosindikizidwa mu 1965, adaonetsa kuti pakati pa masabata 3 ndi 12 kagalu kamalandira mosaopa chilichonse chimene kakumana nacho, ndipo nthawi imeneyi ikadutsa, chachilendo chimayamba kuoneka ngati mdani. Kagalu kofika pakhomo pa masabata 8 katsala ndi mwezi umodzi wokha wa nyengo imeneyi. M'mwezi umenewo kaonetsedwe ana, agogo oyenda ndi ndodo, alendo, njinga, ngolo, thirakitala, mbuzi ndi nkhuku, modekha ndi motetezeka. Popeza katemera sanathe, kasayende pansi m'malo odzaza agalu achilendo, kanyamulidwe m'manja. Kazolowerenso kugwidwa makutu, mapazi ndi pakamwa, kuti tsiku la katemera lisadzakhale nkhondo.

Dzina likhale lalifupi. Achewa, monganso Ashona, ali ndi luso lotcha galu dzina lokuluwika lodzudzulira mnansi, lakuti poitana galu madzulo uthenga ufike kuseri kwa mpanda. Lusolo likhale, koma poitana galu tsiku ndi tsiku pafunika dzina la maphatikizo awiri. M'nyumba zambiri za pa famu mumalankhulidwa Chichewa, Chishona ndi Chingerezi. Galu alibe nazo kanthu kuti mawu ndi a chilankhulo chiti, koma banja ligwirizane liwu limodzi pa lamulo lililonse. Bambo akamati "bwera", mwana asamati "huya".

Njira yophunzitsira ndi imodzi pa zonse: chimene kagalu kachita bwino chilandire mphotho nthawi yomweyo, pasanathe kamphindi. Mphothoyo ingakhale kamutu ka kapenta, mawu okoma kapena kusisita. Maphunziro akhale a mphindi 5, kawiri kapena katatu pa tsiku, kagalu kasanadye. Lamulo loposa onse ndi lobwera pakuitanidwa, pakuti ndi limene lidzachotsa galu pamaso pa njoka, pa nkhandwe kapena pamsewu. Galu amene waitanidwa nkubwera asamenyedwe konse, ngakhale atalakwa chotani asanabwere. Akamenyedwa, chimene waphunzira nchakuti kubwera kumapweteka.

Za chimbudzi sizivuta ngati pali wolondola. Kagalu katulutsidwe kakangodzuka, kakatha kudya, kakatha kusewera ndiponso kasanagone, kupita pamalo amodzimodzi kutali ndi posewerera ana ndi pachitsime. Chikhodzodzo cha kagalu ka miyezi 2 sichisunga mkodzo kupitirira maola awiri kapena atatu. Kakaipitsa m'nyumba, pamalopo patsukidwe bwino kuti fungo lichoke. Kukanikiza mphuno yake pa zoipazo kumangokaphunzitsa kubisala pochita.

Nkhuku ndizo mayeso aakulu a galu wa pa famu, ndipo agalu ambiri aang'ono aphedwa ndi eni ake kapena ndi anansi chifukwa cha anapiye. Galu wobadwira kusaka sangaleke kufuna kuthamangitsa, koma angaphunzire kusiyanitsa. Kagalu kamangidwe chingwe chopepuka ndi kuyenda nako pakati pa nkhuku tsiku ndi tsiku. Kakayang'ana nkhuku nkubweza maso kwa mwini wake, kalandire mphotho. Kakalumpha, chingwe chikaletse ndi liwu limodzi lakuti "leka", ndipo mtunda uonjezedwe. Kasasiyidwe kokha ndi anapiye mpaka katakhazikika, pakuti kuthamangitsa kumodzi kopambana kumafafaniza ntchito ya masabata angapo. Kumangirira nkhuku yakufa m'khosi mwa galu ndi njira yakale imene phindu lake ndi fungo basi. Mphamvu yosakayo ipatsidwe ntchito kunkhokwe: galu akafika miyezi 6, mano okhalitsa atamera, azitengedwa pamene matumba akusunthidwa, ndipo za makoswe safuna mphunzitsi.

Pakati pa miyezi 4 ndi 6 mano 28 a ubwana amaguluka ndipo m'malo mwake mumamera 42. Kagalu kamatafuna chilichonse, nsapato ndi zingwe za magetsi a dzuwa zomwe. Kapatsidwe chingwe chokhuthala chomanga mfundo kuti kazitafuna. Kakaluma dzanja posewera, masewera aleke pomwepo. Mwa agalu aang'ono mano osongoka a ubwana nthawi zina amakanirira pambali pa atsopano. Akakhalapobe pa miyezi 7, dokotala awazule.

Ana nawonso aphunzitsidwe. Kagalu kanyamulidwe ndi manja awiri, lina pachifuwa lina kumbuyo, mwana atakhala pansi, pakuti kugwa kuchokera m'manja mwa mwana woimirira kumathyola mwendo. Kasasokonezedwe pakudya kapena pogona. Khanda lisasiyidwe lokha ndi galu wa msinkhu uliwonse.

Alipo amene amafuna galu waukali, ndipo amamutsekera mumdima, kumumenya kapena kumudyetsa tsabola. Galu wa makilogalamu 6 sangagwetse mbala ngakhale atalusa chotani. Ntchito yake nkuuwa, ndipo kuuwako adabadwa nako. Chimene nkhanza zimabala ndi galu wamantha, ndipo galu wamantha amaluma amene ali pafupi, amene kawirikawiri ndi mwana wa pakhomo pomwepo kapena wa mnansi. Kulumidwa kulikonse kotere ndi ulendo wa kuchipatala ndi mlandu.

Ziphe za pa famu ndi kutha msinkhu

Famu ya fodya ili ndi ziphe zambiri pa msinkhu wa mphuno ya kagalu. Masamba ndi zinyenyeswa za fodya m'mabalani ndi m'shedi yosankhira zili ndi chikonga chokwanira kudwalitsa kagalu kotafuna. Mankhwala ophera tizirombo ku nazale, zigubu zake zakale, ndi mbewu yopaka mankhwala zisungidwe motseka. Banja limene laweta galu wa makoswe lileke kutchera poizoni wa makoswe, chifukwa galu amadya nyamboyo kapena khoswe amene waidya. Kuchucha malovu, kunjenjemera ndi kusanza mwadzidzidzi ndi zizindikiro zothamangira nazo kwa dokotala, pamodzi ndi chigubu cha mankhwala amene akuganiziridwa. Njoka yolavula ikalavulira galu m'maso, atsukidwe ndi madzi ambiri mwamsanga. Bala la mphiri limatupa kwambiri, ndipo lisamangidwe kapena kutemedwa.

Galu wamkazi wa mtundu waung'ono amafika pa nyengo yokweredwa msanga, kawirikawiri pakati pa miyezi 6 ndi 9, akadali mwana iye mwini. Bere limatenga masiku pafupifupi 63. Akakweredwa ndi galu wamkulu wa m'komboni, ana angathe kukula mopitirira njira yobadwira, ndipo popanda opaleshoni make amafa nawo. Pa masabata atatu a nyengoyo atsekeredwe m'nyumba kapena mumpanda wosalumphika. Njira yokhalitsa ndi kutseketsa wamkazi ndi kufula wamwamuna kwa dokotala wa ziweto, zimene zimachepetsanso kuyendayenda usiku ndi nthenda ya zotupa za kumaliseche imene agalu amapatsirana pokwerana. Nthambi za SPCA m'matauni zimathandiza pa ntchito imeneyi, ndipo mlangizi adziwiretu imene ili pafupi ndi dera lake, masiku ake ndi mtengo wake, asanalankhule ndi banja.